Anatipakira zonyansa pachitseko chifukwa cha kawayilesi

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo amene mukuwerenga izi. Ine ndi banja langa tinathamangitsidwa m'nyumba ya lendi ku Nancholi ngati agalu akuba mazira.

Ntchito yanga ndi yokonza mawayilesi. Ndikaweruka ndimakonda kutolera tizipangizo ta m'mawayilesi akufa n'kupanga kawayilesi kotumiza mawu, kopanda mphamvu zambiri, koyendera batire. Chiphaso chake ndili nacho. Kanga ndinakaika m'chitini cha mabisiketi, waya wake n'kumanga kuchokera padenga kukafika mumtengo wa mapeyala.

Lamlungu lina masana ndinali kukayesa, kuitana mnzanga wa ku Chilomoni. Sindinadziwe kuti mawu anga akulowa m'masipika a tchalitchi chathu, chimene chinali kuseri kwa mpanda. Azimayi a mumpingo anali kupempherera odwala, ndiye pemphero lili mkati anangomva mwamuna wosaoneka akufunsa ngati akumveka. Ena anathawa osavala nsapato, ena anagwa pansi.

Ndinapita ndekha kukapepesa ndi kufotokoza, koma palibe amene anafuna kumva. Anati waya uja ndi wotererapo ndege za afiti. M'mawa mwake tinapeza chitseko chathu chitapakidwa manyi a munthu, mpaka pachogwirira. Mkazi wanga anasanza akutsuka. Fungolo linatha ndi sopo, koma chimene chinandinyansa kwambiri n'choti dzanja limene linatapa zimenezo ndi limodzi mwa manja amene amandipatsa moni m'tchalitchi. Alandilodi, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anati tituluke sabata isanathe. Kulikonse kumene ndinakafunsa nyumba, mbiri yanga inali itafika kale.

Pemphero langa masiku amenewo linali lopanda ulemu, sindinama. Ndinauza Mulungu kuti anthu ake andinyansa, ndipo ine angathe kundisiya, koma ana anga asagone panja.

Tsiku lotuluka, katundu ali mbwee pabwalo, ife osadziwa kolowera, panaima lole ya a Saidi, dalaivala wachisilamu amene ndinkawakonzera wayilesi ya m'galimoto. Anabwera ndi wayilesi ina yakufa. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka misozi, nati kumzikiti kwawo sipika inayamba yatulutsapo mpira wa pawayilesi, koma palibe amene anatchedwa mfiti.

"Kwezani katundu, achimwene," anatero. "Kuseri kwa nyumba yanga ku Limbe kuli zipinda ziwiri, ndipo mtengo womangapo waya wanuwo ulipo."

Ndikuthokoza Mulungu wamoyo. Kukhululuka ndikuphunzirabe, ndipo masiku ena kumandikanika. Koma inu amene abale anu akusandutsani chinthu chonyansa, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo likhale lowawa. Ine thandizo ndinkaliyembekezera kuchokera kuseri kwa mpanda, koma Mulungu analikweza pa lole ya Msilamu, ndipo ana anga tsiku limenelo anagona m'nyumba.