Ndinaloza mitengo ya alamu anga

Aulutsi, ndine mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kumapiri a ku Ntchisi. Dzina langa musatchule.

Kampani yotigula fodya imafunsa kumene timatenga nkhuni zowotchera fodyayo, akuti ogula akunja amafuna lipoti la utsi wowononga nyengo. Mlangizi atabwera, ndinamulozera mitengo ya bulugamu ya alamu anga ngati yanga, chonsecho ndinkagwetsa misuku m'phiri.

Ofufuza a kampaniyo atafika, alamuwo, posadziwa kanthu, anati, "Mitengo yangayi? Chiidzalireni nkhwangwa sinaikhudzepo."

Kalabu yonse anaichotsa pa kontirakiti, kuphatikizapo mayi wina wamasiye wa m'kalabumo, amene anadzala mitengo yake moona. Mayiwo amandipatsabe moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji, alembi?"

Bola akanamanditukwana.