Bulangete lochokera ku Joni

Pa siteji ya Ulongwe, mayi wina ndi bambo wachikulire ankadikira basi yochokera ku Joni.

"Mukuchingamira ndani, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Katundu chabe. Amuna anga, a Zubairu, atumiza bulangete."

"Eni ake sabwera?"

"Iyayi. Anadwala mtima. Madokotala akumeneko anawaika kapaipi kawaya mumtsempha kuti magazi azidutsa."

"Ndiye sanachire?"

"Anachira, ntchito akugwira. Koma akuti mtsemphawo ndi waung'ono kwambiri, ukhoza kutsekekanso. Akuopa kutalikirana ndi chipatalacho. Chino ndi chaka chachitatu."

"Bola ali moyo, mayi."

"Alhamdulillah. Komabe ndinawauza kuti latsopano sindikulifuna. Ayambe alifunda kaye sabata imodzi, kenako anditumizire losachapa."