Makina a Pabalaza

"Kodi basiyi ibwera lero?"

Panali pa siteji ya basi. Anafunsayo anali bambo wina amene anakoleka lamba wautali wachikopa paphewa, ndipo mayi wovala ovolosi kumbuyo kwake ankangoyang'ana lambayo.

"Bambo, lamba ameneyu si wa buluku."

"Ndi wa makina osemera zitsulo, mayi. Akalekale, chitsulo chokhachokha. Alamu anga chindithandizireni kuwanyamula sakundiyankhula."

"Aja osintha magiya pamanja?"

"Omwewo! Akamazungulira mumaika kapu ya madzi pamwamba, madziwo ali phee."

"Musandipweteke mtima. Ine ndimawotcherera zitseko, koma oterowo ndimachita kuwalota. Mwawaika kuti?"

"Pabalaza. Mpokhapo pamene simenti ili yowongoka. Akangopendekeka pang'ono amasema zokhota."

"Nanga mayi akunyumba akuti chiyani?"

"Akuti pofika mawa makinawo atuluke, apo ayi atuluka ndi iwo. Oyilo wawathimbiriritsira makatani."

"Ndiye ndigulitseni ine, ukwati upulumuke. Kushopu kwanga malo alipo."

"Pansi pake mpowongoka?"

"Ngati galasi."

"Ngati galasi ndithu? Ayi mayi, zikomo. Ndikagwetsa khoma la kukhitchini pabalaza pakule, makina ndi mayi onse akwanepo."