Chitupa cha a Nicodemus Mwale

Moni nonse a ku Migodi amene mukumvera wailesi. Makalata a sabata ino andipeza mochedwa, sindinawatsegule n'komwe. Ndiziwerenga mmene afikira.

Ofesi yothandiza osowa ntchito ku Ndola ikudziwitsa onse kuti ufa waulere unatha pa 1 Novembala. Wofuna ufa ndi nyemba azikakumba ngalande ku dambo la Itawa. Wolandira ndi yekhayo amene wagwira fosholo, ataonetsa chitupa chake. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa ofesiyo.

A Horace Tembo, kapitawo wa ngalande, akudziwitsa abale ndi abwenzi a m'mudzi mwa Chimtengo ku Katete kuti bambo Nicodemus Mwale anamwalira Lachiwiri, pa 11 Novembala, khoma la ngalande litawagwera. Nkhope sinkaoneka bwino, anawadziwira chitupa cha m'thumba. Anaikidwa Lachinayi ku manda a tauni. Chilengezochi chachokera kwa a Tembo.

Pepani a kwa Chimtengo.

Mayi Priscilla Banda a ku Wusakile, Kitwe, akufunafuna amuna awo, a Festus Mwale, amene anapita ku Ndola Lamlungu, pa 9 Novembala, kukaona akulu awo odwala. Anati abwera Lachitatu. Ndi aatali, anavala malaya a kaki, chala chaching'ono chakumanzere chinaduka. Akuti: "Atate a Damaris, tchuthi chanu chatha, kumgodi akukufunsani. Ngati ndinakulakwirani bwerani tidzakambe." Chilengezochi chachokera kwa mayi Banda, nyumba nambala 214.

Inunso a Festus, sabata yonse osatumiza ngakhale mawu? Bwererani kunyumba.

Bambo Nicodemus Mwale a ku Ndola akudziwitsa...

Ha! Dikirani. Dzina ndi lomwe lija, mudzi ndi womwewo. Basi, ndingowerenga.

Akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti iwo ali moyo. Anachotsedwa ntchito chifukwa cha chifuwa cha m'migodi, ndipo fosholo sangathe kuinyamula. Kunyumba ana anagona ndi njala masiku awiri. Mng'ono wawo Festus ataona zimenezo anatenga chitupa chawo nati, "Achimwene, gonani, ndikakumba m'dzina lanu masiku awiri okha." Lolemba anabwera ndi ufa. Lachiwiri sanabwere.

Akuti kumanda anapita, koma anaima patali, kuopa kumangidwa chifukwa chobwereketsa chitupa. Anamva dzina lawo likutchulidwa m'pemphero, koma sanadziulule. Akupempha a kumudzi kuti asiye kulira iwo, alire Festus. Kwa alamu awo a Priscilla akuti: "Mulamu, ndalephera kubwera kudzakuyang'anani m'maso. Bwerani ndikuonetseni pamene wagona. Pamtanda palembedwa dzina langa, koma ndi pomwepo."

Akutinso anapita ku ofesi kukaulula zonse. Mlembi anawaonetsa chitupa chawo chitadindidwa kuti mwini wake anamwalira, nati womwalira sabwezeredwa chitupa. Chilengezochi chachokera kwa a Nicodemus Mwale eni ake.

A Festus ndinawadzudzula pachabe. Mayi Banda, ngati mwatsegula wailesi, mwamvera kwa ine. Pepani.

Yatsala imodzi.

Ofesi yothandiza osowa ntchito ku Ndola ikudziwitsa onse kuti ku ngalande ya Itawa kwapezeka malo a munthu mmodzi. Wofuna afike Lolemba, 6 koloko m'mawa. Wopanda chitupa asavutike n'kubwera. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa ofesiyo.

Makalata athera pamenepa.