Kiyi Wanga Analowa pa Kabowo

Chinali chaka cha 1983, ine ndili ndi zaka 44. Mtendere ukhale nanu, abale mwa Ambuye. Ndine Lameki. Ndikuuzani za matenda anga ndi za kiyi mmodzi.

Ndinali wowotcherera zitsulo. Shedi yanga inali kuseri kwa masitolo m'tauni, nyumba ku Kabwata. Sukulu sindinapite nayo patali, koma geti lopangidwa ndi ine silinagwepo. Bokosi lachitsulo la zopereka la pakhoma la tchalitchi chathu ndinapanganso ine. Kabowo kake ndinakachepetsa dala, kuti envulopu ilowe koma chala chisalowe. Aliyense ankatha kuponyamo kanthu. Wotsegula anali mmodzi yekha, mkulu wa mpingo Ba Mulenga, munthu wa ku Luapula wosadziwa chinyengo.

Chaka chimenecho m'mimba munandipweteka koopsa. Adokotala anati opaleshoni ndi mawa, ndipo sanalonjeze kanthu. Mkazi wanga Nelia anali ku Chipata ndi ana, akudwazika mayi ake. Mkulu wanga Yobe anabwera kuchokera ku Chelstone, ati kudzandiona, koma maso ake anali pa wailesi ndi pa makina osokera a Nelia. Masiku amenewo mwamuna akafa, abale ake ankasesa nyumba yonse, mkazi ndi ana n'kutsala ndi mphasa. Makinawo ndi zida zanga ndizo zikanadyetsa ana anga ine kulibe.

Yobe atatuluka, ndinakweza makina pa wilibala kupita kwa Ba Mulenga. Ndinapeza anapita kumaliro kutali, kudera la Migodi. Anansi sakanalimba pamaso pa abale a munthu wakufa. Ndinakaima kutchalitchi, patsogolo pa bokosi langa. Ndinayang'ana kabowo, ndinayang'ana makina. Ntchito ya manja anga inandikana ine mwini.

Sindine munthu wolira. Ndinagwada pafumbi n'kunena kuti, "Ambuye, malo okhulupirika ndili nawo amodzi, ndipo ndi aang'ono." Ndili chogwada, kanthu kanandibaya pantchafu. Anali kiyi wa bokosi lalikulu la zida la kushedi, m'thumba la buluku. Bokosilo linali la chitsulo chochindikala, lomangidwa ndi mabawuti pasimenti, loko wake wobisika mkati. Ndinamva yankho. Katundu sangalowe pakabowo, koma kiyi wa katunduyo angalowe.

Ndinakankha wilibala mpaka m'tauni, ndikupuma panjira chifukwa cha ululu. Ndinatsekera makina m'bokosi lija la kushedi pamodzi ndi zida. Ndinamangirira kapepala ka dzina la Nelia pa kiyiyo, n'kubwerera kutchalitchi. Ndinamuponya pakabowo, ndinamumva akugwera pansi pake. Kuyambira pamenepo ngakhale ine sindikanamutulutsa.

Bala la opaleshoni linachita mafinya. Ndinagona nthawi yaitali, ena akuti ndapita kale. Tsiku lina ndinatsegula maso, dzanja la Yobe lili pansi pa pilo wanga.

"Kiyi wa kushedi ali kuti, Lameki? Ndikusungire."

"Wasungidwa kale, akulu."

"Ndi ndani?"

"Kafunseni Mulungu."

Sanadikire maliro. Anabweretsa galimoto ku Kabwata n'kunyamula za m'nyumba. Kushedi anathyola chitseko, koma bokosi linamukana. Zipsera za sowo ndi nyundo zilipo mpaka lero.

Ba Mulenga atabwera anatsegula bokosi la tchalitchi, napeza kiyi pakati pa maenvulopu. Anatumiza uthenga ku Chipata, ndipo kiyiyo anamuika m'manja mwa Nelia amayi a mumpingo akuona. Nelia anasoka mayunifomu a sukulu m'nyumba yopanda mpando. Ana sanagone ndi njala. Ine Mulungu anandidzutsa, ndinapeza zida zanga zonse zilipo, ndinabwerera pantchito.

Mdzukulu wanga Tiwonge amagwira ntchito ya makompyuta. Anandiuza kuti kumeneko kuli njira yobisira uthenga: aliyense angathe kutseka, koma wotsegula ndi mwini kiyi wachinsinsi yekha. Njirayo imalandira uthenga waufupi wokha. Wautali amautseka ndi kiyi wina, kenako kiyi wamng'onoyo ndiye amamutumiza mwa njira ija.

"Mwamva, agogo?"

"Ndinamva ndili chogwada, amako asanamere mano."

Ndikuthokoza Ambuye amene anandiyankha ndi kanthu kamene kanali kale m'thumba mwanga. Inu amene khomo lakucheperani, musaleke kupemphera. Mwina zonse sizingalowe, koma chofunika chidzalowa.

Zotayika zinali izi: bedi, wailesi, njinga, mipando iwiri, mapoto onse, jekete langa la ukwati, ndi mkulu wanga mmodzi.