Msana Umene Akulirira

Pasiteji ya minibasi ku Lisungwi, mayi wachikulire anaima chowerama, kamwana kakulira katakakamira chitenje chake. Mtsikana wogulitsa manachesi analephera kupirira kulirako.

"Amayi, mwanayu akulirira kumsana. Osangomubereka bwanji?"

"Ndikanakhala ndikutha, mwanawe. Ndikangomuika kumbuyoku, m'chiunomu mumachita ngati mwathyoka."

"Kodi munagwa?"

"Ayi. Ndi khasu, kuunda mizere m'mapirimu chowerama, ndi kusenza madzi pachitunda. Kuchipatala anandipatsa mapiritsi, akuti ndipumule, ndisamanyamule zolemera."

"Ndiye pumulanitu. Azimubereka amake."

"Amake anali mwana wanga. Tinaika maliro mwezi wathawu. Msana umene akulirirawo uli kumanda, watsala ndi wangawu basi."

"Kalanga ine! Pepani, amayi."

"Tandikwezera, mwanawe. Ndiyesebe."