Dzina Limene Wansembe Sangawerenge

Pachipata cha kachisi ku Iga, wansembe anali atangomaliza kuwerenga mayina a asamurai, asilikali a mafumu, amene anafera kunkhondo. Anthu akubalalika, bambo wina wogulitsa makala anayandikira mayi wina amene anali chiimire.

"Mayi, mtima pansi tsopano. Anuwo sanawatchule, eti?"

"Sanawatchule."

"Nanga nkhope yagweranji? Kaphikeni mpunga, akubwera amenewo!"

"Amuna anga si samurai, bambo. Ndi mlimi wa kumapiri uko. Anasenza bokosi la mankhwala kukagulitsa kulinga la adani. Lero ndi tsiku la makumi anayi chichokereni."

"Tsitsani mawu! Ndi aja amatumidwa kukazonda aja, aninja?"

"Mwanena ndinu."

"Ndiye kafunseni wansembeyo, mwina wamvako kanthu."

"Ndikafunse bwanji? Samurai amafuula dzina lake asanasolole lupanga, ndipo akafa amalitchula pano. Angawa ndikangowatchula, makutu ali ponseponse. Ngati ali moyo, ndawapha ndine."

"Nanga mumavutikiranji kudzamvera mayina?"

"Ana amandifunsa ndikafika kunyumba, ndipo sindifuna kuwanamiza. Ndimangowauza kuti lero bambo awo sanawatchule."